Mtengo wa Pobzala Si Mtengo wa Pokolola: Phunziro la Quinoa ya ku Bolivia ndi Peru

Tsamba la maphunziro: Fomu 3 ndi Fomu 4

Ulendo uno tsamba lathu la maphunziro litifikitsa kutali, ku mapiri a Andes ku South America. M'dziko la Bolivia, m'chigawo cha Oruro, muli tawuni yaing'ono yotchedwa Challapata. Kumapeto kwa sabata iliyonse kumakhala msika waukulu. Alimi amabwera ndi matumba a mbewu yotchedwa quinoa, ogula amafika ndi masikelo ndi magalimoto, ndipo mtengo umene amagwirizana pamenepo ndi umene alimi a m'midzi yakutali amautsatira pogulitsa zokolola zawo.

Chakumapeto kwa 2013 ndi kumayambiriro kwa 2014, thumba limodzi la makilogalamu 46 linkagulidwa pamsikawo pa mtengo wa pafupifupi ma boliviano 2,000. Pasanathe zaka zitatu, thumba lomwelo, la mbewu yomweyo, linali lisakufikanso ma boliviano 500. Mbewuyo sinasinthe kukoma. Anthu a ku America ndi ku Ulaya sanasiye kuidya. Nanga chinagwetsa mtengo n'chiyani?

Funso limeneli ndi limene tiyankhe m'phunziroli. Likuthandizani pa maphunziro a zaulimi, a jogalafe ndi a zamalonda. Koma likukhudzanso pakhomo panu, chifukwa ambiri mwa inu fizi yanu imachokera m'thumba la mbewu limene bambo kapena mayi anakagulitsa kumsika.

1. Kodi quinoa ndi mbewu yanji?

Dzinali timalitchula kuti kinuwa. Akatswiri a zomera amaitcha Chenopodium quinoa, ndipo ili m'banja limodzi ndi bonongwe amene timathyola m'munda. Mukaona chomeracho simungadabwe: chimatalika mita imodzi kapena awiri, masamba ake amadyedwa ngati ndiwo, ndipo pamwamba pake pamakhala ngala yodzaza ndi timbewu ting'onoting'ono tonga mawere. Timbewuto amatiphika ngati mpunga, amatithira mu msuzi, kapenanso kutipera n'kupanga ufa.

Anthu a mitundu ya Quechua ndi Aymara akhala akulima mbewuyi kwa zaka masauzande ambiri, makamaka m'madera ozungulira nyanja ya Titicaca, imene ili m'malire a Peru ndi Bolivia pamtunda wa mamita oposa 3,800 kuchokera pa nyanja yamchere. Kuti mumvetse kutalika kwake, kumbukirani kuti nsonga ya Sapitwa pa phiri la Mulanje ili pa mamita pafupifupi 3,000. Dera lokwera lathyathyathya limeneli limatchedwa Altiplano. Kumazizira kwambiri, usiku kumagwa chisanu, mvula ndi yochepa, ndipo chakummwera nthaka yake ndi yamchenga komanso yamchere. Chimanga sichingachite bwino kumeneko, koma quinoa imapirira zonsezi.

Anthu a ku Spain atalanda maderawa m'zaka za m'ma 1500, anabweretsa tirigu ndi barele, ndipo quinoa inayamba kuonedwa ngati chakudya cha amphawi a kumudzi. Kwa zaka mazana ambiri inalibe mtengo weniweni m'matawuni. Alimi ankailima kuti adye okha, yotsala n'kusinthanitsa ndi zinthu zina kapena kupatsa nkhuku.

Chimene chinadzaitchukitsa ndi zimene zili m'kati mwake. Ili ndi zakudya zomanga thupi zochulukirapo kuposa mpunga ndi chimanga, ndipo zomanga thupizo zili ndi tizigawo tonse timene thupi la munthu silingathe kudzipangira lokha. Ilibenso gluten, chinthu chopezeka mu tirigu chimene chimadwalitsa anthu ena. M'chaka cha 1993 bungwe la NASA linatulutsa lipoti loiganizira ngati mbewu yoyenera anthu okhala nthawi yaitali m'mlengalenga.

2. Mitundu ya quinoa ndi kusiyana kwa mitengo

Monga mpunga wa Kilombero sugulidwa mtengo umodzi ndi mpunga wina uliwonse, quinoa nayonso ilibe mtengo umodzi. Mitundu yake ndi yambirimbiri, moti nkhokwe yosungira mbewu ya dziko la Bolivia ili ndi zitsanzo zoposa 3,000. Koma pamsika ogula amayang'ana zinthu zinayi.

Choyamba ndi kukula kwa njere. Yotchuka kwambiri ndi Quinua Real, imene imalimidwa kummwera kwa Altiplano ya Bolivia, m'zigawo za Oruro ndi Potosí, mozungulira zidikha zamchere za Uyuni ndi Coipasa. Njere zake ndi zikuluzikulu, ndipo ogula akunja amazilipira bwino kuposa njere zing'onozing'ono.

Chachiwiri ndi maonekedwe. Pali yoyera, yofiira, yakuda ndi yachikasu. Ku Peru mitundu yoyera yodziwika ndi monga Salcedo INIA, Blanca de Junín ndi Blanca de Juli. Yofiira ndi Pasankalla. Yakuda ndi Negra Collana. Ndipo yachikasu ndi Amarilla de Maranganí. Yoyera ndi imene imagulidwa yochuluka, choncho mtengo wake ndi umene umakoka mitengo ya inzake. Yofiira ndi yakuda zili ndi msika waung'ono. Zikasowa, mtengo wake umapitirira wa yoyera. Koma msika waung'ono sumachedwa kudzaza: alimi ochepa chabe akangowonjezera minda, ogula amakhuta, mtengo n'kutsika msanga.

Chachitatu ndi kuwawa. Khungu la njere za quinoa lili ndi saponin, chinthu chowawa chimene chimachita thovu ngati sopo. Chimateteza mbewu ku mbalame ikadali m'munda, koma munthu asanadye ayenera kuchichotsa popukusa ndi potsuka. Ntchito imeneyi imadya ndalama. Choncho quinoa yotsuka kale, yopeta bwino, yopanda timiyala ndi mchenga, imagulidwa mtengo wokwera kuposa yongochokera padwale.

Chachinayi ndi kalimidwe. Quinoa yolimidwa popanda feteleza ndi mankhwala ophera tizirombo a m'fakitale, imenenso ili ndi chiphaso chotsimikizira zimenezo, imakhala ndi mtengo wapamwamba. Chiphasocho n'chodula ndipo mlimi mmodzi payekha sangachikwanitse. Ambiri amachipeza kudzera m'magulu awo, monga bungwe la alimi a quinoa la ANAPQUI limene linakhazikitsidwa ku Bolivia mu 1983.

Sungani mfundo zinayizi, chifukwa tidzazifunanso tikafika pa nkhani ya kugwa kwa mtengo.

3. Mmene msika wa alimi umayendera

Alimi ambiri a quinoa sagulitsa okha kunja. Amagulitsa m'misika ya pa sabata, monga wa Challapata ku Bolivia, kapena misika ya m'chigawo cha Puno ku Peru, m'matawuni ngati Juliaca ndi Ilave. Kumeneko amakumana ndi ogula oyendayenda, amene ife tikanawatcha mavenda. Iwowa amasonkhanitsa mbewu pang'onopang'ono, n'kukagulitsa ku mafakitale otsuka ndi kulongedza. Mafakitale amagulitsa kwa makampani otumiza kunja, ndipo mapeto ake mbewuyo imakapezeka m'timapaketi m'masitolo a ku New York kapena ku Paris. Dzanja lililonse limene mbewuyo yadutsamo limatengapo phindu lake. N'chifukwa chake mtengo wa m'sitolo yakunja ndi mtengo umene mlimi walandira ndi zinthu ziwiri zotalikirana, ndipo mukamawerenga za mitengo muzidzifunsa kuti akunena mtengo wa pamalo ati.

Miyezo yawo nayonso muidziwe. Muyezo wa quintal ndi makilogalamu 46, ndipo wa arroba ndi gawo limodzi mwa magawo anayi a quintal, kutanthauza makilogalamu 11.5. Musanayerekeze mitengo ya misika iwiri, yambani mwaisandutsa kukhala mtengo wa kilogalamu imodzi. Mwachitsanzo, ma boliviano 2,000 tikawagawa ndi 46 tipeza pafupifupi ma boliviano 43 pa kilogalamu. Ma boliviano 500 tikawagawa ndi 46 tipeza pafupifupi 11.

Palinso kusintha kwa mtengo kwa m'kati mwa chaka. Ku Altiplano amabzala pakati pa Sepitembala ndi Novembala, n'kukolola cha mu Epulo ndi Meyi. Nthawi yokolola mbewu imachuluka pamsika ndipo alimi ambiri amafuna ndalama zamsanga, motero mtengo umakonda kutsika. Miyezi ikamapita mbewu imachepa, mtengo n'kuyamba kukwera. Quinoa youma bwino imasungika nthawi yaitali, choncho mabanja ambiri amaisunga ngati banki, n'kumagulitsa pang'onopang'ono vuto likagwa.

Kusintha kwa m'kati mwa chakaku kumabwerezabwereza ndipo mlimi amakuyembekezera. Kumene tikufuna kukumvetsa bwino ndi kwina: kusintha kwa zaka zingapo, kumene kumanyamula msika wonse n'kuukweza, kenako n'kuugwetsa.

4. Zaka za kukwera: 2006 mpaka 2014

Kuyambira m'zaka za m'ma 1980, quinoa inkagulitsidwa pang'ono m'masitolo a zakudya zopatsa thanzi ku United States ndi ku Ulaya. Cha m'ma 2000 anthu oifuna anachuluka mofulumira: osadya nyama, odwala akadya tirigu, ndi ena ongofuna kudya zabwino. Pakati pa 2006 ndi 2013 mtengo wake unakwera kuwirikiza katatu.

Kenako kunabwera chaka cha 2013. Bungwe la United Nations, potsatira pempho la dziko la Bolivia, linalengeza kuti chimenechi ndi Chaka cha Quinoa pa Dziko Lonse. Nthambi yake yoona za chakudya ndi ulimi ya FAO inasankha Evo Morales, amene anali pulezidenti wa Bolivia, ndi Nadine Heredia, mkazi wa pulezidenti wa Peru wa nthawiyo, kukhala akazembe apadera a mbewuyi. Manyuzipepala, mawailesi ndi malesitilanti anaitchukitsa kwambiri. Ofuna kugula anawonjezekanso.

N'chifukwa chiyani mtengo unakwera kwambiri chonchi? Apa ndi pamene pali lamulo limene mabuku anu a Chingerezi amalitcha supply and demand, kutanthauza mpikisano wa pakati pa kuchuluka kwa katundu amene alipo ndi kuchuluka kwa amene akumufuna. Ogula akhoza kuchuluka m'mwezi umodzi, nkhani ikangomveka pa wailesi. Koma mbewu singachuluke m'mwezi umodzi. Ku Altiplano amakolola kamodzi pachaka, zokolola za pa hekitala nthawi zambiri sizifika tani imodzi, ndipo pa nthawiyo pafupifupi quinoa yonse ya pamsika wa dziko lonse inkachokera ku Bolivia ndi ku Peru basi. Ogula ambiri akamalimbirana matumba ochepa, wolipira zambiri ndiye amatenga. Mtengo sungachitire mwina koma kukwera.

M'midzi ya kummwera kwa Bolivia moyo unasintha. Mabanja anakonza nyumba, anagula magalimoto ndi mathirakitala, ndipo anatumiza ana kusukulu zapamwamba. Anthu amene anali atasamukira m'matawuni anabwerera kumudzi kukatenga minda ya makolo awo, zimene m'madera ena zinabutsa mikangano ya malo.

5. Zaka za kugwa: kuyambira 2014

Mtengo wokwera uli ngati ng'oma: aliyense amaumva. Amene anaumva kwambiri anali alimi a m'zigwa ndi m'mbali mwa nyanja yamchere ku Peru, m'madera ngati Arequipa, La Libertad ndi Lambayeque. Iwowa sankalima quinoa kale. Koma anali ndi minda ya mthirira, feteleza, makina, ndi nyengo yofunda yolola kulima kangapo pachaka. Pa hekitala imodzi ankatha kukolola matani atatu kapena kuposa. Zokolola za dziko la Peru zinachoka pa matani pafupifupi 52,000 mu 2013 kufika pa matani oposa 114,000 mu 2014. M'chaka chimodzi zinawirikiza kawiri n'kupitirira, ndipo m'chaka chomwecho Peru inaposa Bolivia pa kutumiza quinoa kunja.

Mayiko enanso sanagone. Alimi a ku United States, Canada, France, Spain, China ndi India anayamba kapena kuwonjezera kulima quinoa. Akatswiri a ku Denmark ndi ku Netherlands anali atapanga kale mitundu yogwirizana ndi nyengo ya ku Ulaya. Lero mayiko oposa 100 anayesapo kulima mbewuyi.

Ogula anapitiriza kuchuluka, koma osati mofulumira ngati mbewu. Nkhokwe za amalonda zinadzaza. Amene dzulo ankapempha mlimi kuti awagulitse, tsopano ndi amene ankatchula mtengo. Ku Peru mtengo umene mlimi ankalandira pamunda unachoka pa pafupifupi ma sol 8 pa kilogalamu mu 2014 kufika pa pafupifupi ma sol 4 mu 2016. Ku Challapata taona kale mmene unagwera.

Panabweranso vuto lina. M'madera ofunda tizirombo ndi matenda a mbewu zimachuluka, ndipo alimi atsopano ena anathira mankhwala mopitirira muyezo. Mu 2014 akuluakulu oyendera zakudya ku United States anabweza katundu wina wa quinoa wochokera ku Peru atapezamo zotsalira za mankhwala. Mbewu yokanidwa kunja imabwerera pamsika wa m'dziko, n'kugwetsa mtengo kwa onse, ngakhale kwa mlimi amene sanathire mankhwala.

Apa tibwerere ku mfundo zinayi zija. Mtengo unagwa kwa aliyense, koma sunagwe mofanana. Quinoa yoyera wamba, imene aliyense angalime kulikonse, ndi imene inavulala kwambiri, chifukwa wogula akaikana kwa mlimi uyu akaipeza kwa wina. Alimi amene anali m'magulu, okhala ndi chiphaso cha ulimi wopanda mankhwala komanso mgwirizano ndi ogula okhazikika, anapeza pothawira. Mutu umodzi susenza denga. N'chifukwa chakenso alimi a ku Bolivia akhala akuyesetsa kuti dzina la Quinua Real litetezedwe ndi malamulo, kuti mbewu yochokera kwina isamagulitsidwe m'dzina limeneli.

6. Phata la phunziroli: nthawi ya pakati pa kubzala ndi kukolola

Ngati pali chinthu chimodzi choti mutenge m'phunziroli, ndi ichi: mlimi amasankha chobzala poona mtengo wa lero, koma amagulitsa pa mtengo wa miyezi isanu ndi umodzi kapena isanu ndi iwiri kutsogolo. Pakati pa nthawi ziwirizi pali alimi ena masauzande amene anaona mtengo womwewo n'kuganiza chimodzimodzi.

Tiyeni titsatire mayendedwe ake. Chaka choyamba mbewu yasowa, mtengo wakwera. Chaka chachiwiri alimi ambiri aibzala, ena atatenga ngongole. Pokolola mbewu yachuluka, mtengo wagwa. Chaka chachitatu ambiri akhumudwa n'kuisiya. Mbewu yachepanso, mtengo wayamba kukwera, ndipo gule wayambiranso. Akatswiri a zachuma amafanizira mayendedwe amenewa ndi ukonde wa kangaude, chifukwa mukawajambula pa galafu mizere yake imazungulirazungulira ngati ukondewo.

Onani kuti palibe mlimi mmodzi amene analakwitsa masamu. Aliyense payekha anaganiza bwino: mtengo uli bwino, ndibzale. Koma maganizo abwino a munthu mmodzi, akachitidwa ndi anthu onse nthawi imodzi, amaphwanya mtengo umene anaufunawo.

Nkhani ya quinoa ili ndi kanthu kena kowonjezera. Pa gule wa kangaude wamba, mtengo ukagwa umadzakweranso. Wa quinoa unakhala pansi kwa zaka zingapo zotsatira. Chifukwa chake n'chakuti mtengo wokwera uja unaphunzitsa dziko lonse kulima mbewuyi. Mbewu zatsopano zitapangidwa, makina atagulidwa, luso litafalikira, opikisana nawo atsopanowo sanachoke onse. Ena a ku gombe la Peru anasiyadi mtengo utagwa, koma alimi a ku Altiplano sanabwererenso pa mwayi wawo wakale wokhala okha pamsika. Ndipo amene amakolola matani atatu pa hekitala akhoza kupirira mtengo wotsika umene ungamugwetse wokolola theka la tani.

7. Anapindula ndani, analira ndani?

Mtengo uli pamwamba, kunabuka mtsutso. Kumayambiriro kwa 2013 manyuzipepala ena, kuphatikizapo The Guardian ya ku Britain, anatulutsa nkhani zonena kuti ogula olemera akunja akulanda chakudya pakamwa pa amphawi a ku Andes, popeza eni mbewuyo sakuthanso kuigula. Zinali zoona kuti m'matawuni a ku Peru ndi Bolivia quinoa inakwera mtengo kuposa mpunga. Koma akatswiri a zachuma atatu, Marc Bellemare, Johanna Fajardo-Gonzalez ndi Seth Gitter, atafufuza ziwerengero za mabanja a ku Peru, anapeza zosiyana. M'kafukufuku amene anatuluka mu 2018 anaonetsa kuti kukwera kwa mtengo sikunasaukitse mabanja a m'madera odya quinoa, ndipo moyo wa mabanjawo unakwerako pang'ono. Phunziro kwa inu: nkhani yomveka bwino m'makutu isanakukopeni, funsani umboni wake.

Komabe walira mvula walira matope. Kummwera kwa Altiplano, kale alimi ankalima m'mbali mwa mapiri ndi manja, ankagoneka minda kwa nthawi yaitali, ndipo ankaweta nyama zotchedwa llama, zonga ngamila zazing'ono zopanda linunda, zimene ndowe zake zinkabwezeretsa chonde. Mtengo utakwera, mathirakitala anagaula zidikha zimene zinali msipu, nthawi yogoneka minda inafupika, ziweto zinachepa m'madera ena, ndipo mphepo inayamba kuulutsa nthaka yamchenga yosiyidwa pambalambanda. Mtengo unakhala pamwamba zaka zochepa, koma nthaka yoguga imatenga zaka zambiri kuti ibwerere.

Chinanso chimene chinali pachiswe ndi mitundu ya mbewu. Ogula akunja amafuna njere zofanana kukula ndi maonekedwe, choncho alimi ambiri anatsamira pa mitundu yochepa ya malonda. Koma mitundu yamakolo iliyonse ili ndi ntchito yake: wina umapirira chisanu, wina chilala, wina ndi wa ufa, wina ndi wokazinga. Msika sulipira mlimi chifukwa chosunga mitundu imeneyi, ngakhale kuti chaka cha nyengo yoipa ndi imene ingamupulumutse.

8. Nanga kwathu kuno?

Quinoa inafika kale ku Malawi. Kuyambira mu 2012, akatswiri a ku koleji ya Bunda, motsogozedwa ndi Moses Maliro mogwirizana ndi anzawo a ku Washington State University, anayesa mitundu yosiyanasiyana ku Bunda ndi ku Bembeke m'boma la Dedza, ndipo anapeza kuti ingathe kubereka, makamaka ndi mthirira nthawi yozizira. Tsiku lina mwina mudzamva wina akulimbikitsa alimi a kwanu kuti ailime. Mukadzamva, mudzafunse mafunso atatu. Tikailima tidya tokha kapena tigulitsa? Ngati tigulitsa, wogula wake ndani, ndipo walonjeza chiyani molemba? Nanga enanso amene akubzala chaka chomwechi ndi angati?

Mafunso omwewa amagwira ntchito pa mbewu zimene tikulima kale. Mabanja ambiri a kuchigawo chakummwera akukumbukira nandolo. Mtengo wake utakwera chifukwa cha ogula a ku India, alimi ambiri anakuza minda. Mu Ogasiti 2017 boma la India linaika malire pa nandolo wolowa m'dzikomo, ndipo mtengo kuno unagwa mwadzidzidzi. Chimene chinagwetsa mtengo chinali chosiyana ndi cha quinoa, koma bala lake linali lomwelo: kubzala poona mtengo wa chaka chatha, ndi kudalira msika umodzi wakutali umene mlimi alibe nawo mawu.

Mfundo zoti muzikumbukire

Mbewu imodzi ikhoza kukhala ndi mitengo yambiri malinga ndi mtundu, ukhondo, kalimidwe, nyengo ndi malo ogulitsira. Mtengo umakwera msanga pamene ogula achuluka koma mbewu singachuluke nthawi yomweyo. Mtengo wokwera umaitana alimi atsopano, ndipo zokolola zawo ndi zimene zimaugwetsa. Mtengo ukagwa, amene amapirira ndi wolima motchipa, wolima chinthu chosapezeka kwina, ndi amene ali m'gulu lokhala ndi wogula wokhazikika.

Mafunso obwereza

1. Tchulani zinthu zinayi zimene zimasiyanitsa mitengo ya quinoa pamsika.
2. Mtengo wa quintal ukachoka pa ma boliviano 2,000 kufika pa 500, watsika ndi maperesenti angati?
3. Zokolola za dziko la Peru zinachoka pa matani 52,000 kufika pa matani 114,000. Zinakwera ndi maperesenti angati?
4. Tiyerekeze kuti mlimi wina wakolola makilogalamu 600 pa hekitala ndipo mnzake wakolola makilogalamu 3,000. Werengerani ndalama zimene aliyense apeze pa mtengo wa ma sol 8, kenako pa mtengo wa ma sol 4. Kodi tikufunika kudziwanso chiyani tisananene amene wapeza phindu lalikulu?
5. Fotokozani kusiyana kwa kusintha kwa mtengo kwa m'kati mwa chaka ndi kusintha kwa zaka zingapo.
6. N'chifukwa chiyani mtengo wa quinoa yofiira ndi yakuda umasinthasintha msanga kuposa wa yoyera?

Ntchito ya patchuthi

Sankhani mbewu imodzi yogulitsidwa pamsika wa kwanu, monga nyemba, mtedza, mpunga kapena nandolo. Sankhaninso mitundu iwiri ya mbewuyo. Tsiku la msika lililonse, kwa masabata anayi, lembani mtengo wa mtundu uliwonse kwa ogulitsa atatu. Ngati akugulitsa ndi mbale kapena ndowa, pemphani mwaulemu kuti muyeze pa sikelo kuti mupeze mtengo wa kilogalamu. Kenako khalani pansi ndi agogo, amalume kapena mlimi wina wachikulire, muwafunse chaka chimene akukumbukira kuti mtengo wa mbewuyo unakwera kwambiri, ndi zimene zinachitika chaka chotsatira. Jambulani galafu ya mitengo yanu, lembani tsamba limodzi la zimene akuluwo akuuzani, ndipo mubweretse kwa aphunzitsi anu a zaulimi sabata yoyamba ya teremu ikubwerayi.